Mwaika Python Watsopano Koma Kompyuta Ikuyendetsabe Wakale: Kupeza Pamene Pasokonekera

Vutoli limayamba mofanana pafupifupi nthawi zonse. Muli ndi pulojekiti yakale imene imayenda bwino pa Python 3.9, ndiye mwayamba ina yofuna 3.12. Mwaika 3.12 ndipo zonse zaoneka ngati zatheka. Mwalemba `python --version`, kompyuta yayankha kuti 3.9. Mwinanso yayankha 3.12 monga mumafunira, mwalemba `pip install requests`, pip, chida choika malaibulale a Python, wanena kuti watha ntchito yake, koma poyendetsa pulogalamu mukulandira `ModuleNotFoundError: No module named 'requests'`. Mwabwereza kuika, pip akuti laibulaleyo ilipo kale. Apa ndi pamene ambiri mutu umaima. Amachotsa zonse n'kuikanso, koma mawa lake vuto lomwelo limakhala lili pakhomo.

Kuikanso sikuthandiza chifukwa poika paja palibe chinawonongeka. Ma Python onse awiri alipo ndipo ndi abwinobwino. Chimene chasokonekera ndi dzina. Mawu oti `python` pa terminal ndi dzina chabe, ndipo pa kompyuta imodzi pakhoza kukhala mafayilo anayi kapena asanu ovomera akaitanidwa dzina limenelo. Inu mumaitana mmodzi, kumabwera wina. Choncho funso loti "ndaika uti?" lisiyeni kaye, muyambe ndi loti "amene akuyendayu ndi uti, ndipo wamusankha ndani?"

Onani onse amene akuvomera dzinalo

Mukalemba lamulo, shell, pulogalamu imene imawerenga malamulo anu pa terminal, imatenga mndandanda wa mafoda wotchedwa PATH n'kuyamba kufufuza foda ndi foda kuchokera kumanzere. Ikangopeza fayilo yoyamba ya dzinalo, imaima pomwepo. Siyang'ana kuti watsopano ndi uti, komanso ilibe nazo ntchito zoti dzulo munaika chiyani. Pa Linux ndi macOS mafodawo amalekanitsidwa ndi `:` pomwe pa Windows ndi `;`.

Pa Linux kapena macOS lembani izi:

```
type -a python python3 pip pip3
echo $PATH
```

Lamulo la `type -a` limatulutsa onse opezeka, motsatana mmene shell imawapezera, ndipo wapamwamba ndiye amene akuyenda. Limaonetsanso ngati pali alias (dzina loimira lamulo lina) imene munailemba kalekale mu `.bashrc` n'kuiiwala, zimene `which` nthawi zambiri saziona. Pa Windows, mu Command Prompt, lembani `where python`. Mu PowerShell muzilemba `where.exe python`, chifukwa `where` payekha mmenemo ndi chidule cha lamulo lina, ndipo amangokhala chete osakuuzani kanthu.

Njira imene ine ndimaidalira kuposa zonse ndi kufunsa Python mwiniwake:

```
python -c "import sys; print(sys.executable)"
pip --version
```

Mzere woyamba ukutchula fayilo yeniyeni imene ikuyenda. Wachiwiri ukutchula foda imene pip akukhala, ndi mtundu wa Python amene akumutumikira kumapeto kwake. Ikaninso `import sys; print(sys.executable)` pamwamba penipeni pa pulogalamu imene ikukanayo, muiyendetse mmene mumaiyendetsera masiku onse. Mayankho atatuwa akasiyana, vuto lanu mwalipeza, ndipo zotsatirazi ndi kungofotokoza mmene kusiyanako kumabwerera.

Pali zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimene zimataitsa nthawi pachabe. Bash imakumbukira pamene inapeza lamulo ulendo wapita, ndiye mukaika Python wina pa terminal yomweyo imathamangirabe kwa wakale mpaka mutalemba `hash -r`. Chachiwiri, terminal imene inali yotsegula kale simva kuti PATH yasintha. Itsekeni mutsegule ina. Ngati terminal yake ndi ya mkati mwa VS Code, tsekani VS Code yense, chifukwa terminal imeneyo imatengera PATH kwa iye, ndipo iye anaitenga pamene ankatsegulidwa.

pip waika kwina, Python akufuna kwina

Python aliyense ali ndi foda yakeyake ya malaibulale yotchedwa `site-packages`. Wa 3.9 sayang'ana mwa 3.12. Pa Linux ndi macOS lamulo la `pip` nalo ndi kafayilo kakang'ono kamene mzere wake woyamba umatchula Python amene anakaika. Tsono `python` ndi `pip` amafufuzidwa mu PATH aliyense payekha, ndipo palibe chowakakamiza kuchokera foda imodzi. N'chifukwa chake pip sananame ponena kuti laibulale ilipo kale, ndipo Python nayenso sananame ponena kuti kulibe.

Mankhwala ake ndi kusiya kulemba `pip` payekha:

```
python3.12 -m pip install requests
```

Polemba chonchi mwasankha kaye Python, kenako iye ndiye akuitana pip wake. Sizingasiyanenso. Chizolowezi chimenechi chokha chimathetsa mavuto ambiri a mtundu uwu.

Pa Linux yang'ananinso mu `~/.local/bin`. Ngati tsiku lina munalembapo `pip install --user --upgrade pip`, mmenemo munatsala `pip` wolozabe kwa Python wa nthawi imeneyo, ndipo foda imeneyi kawirikawiri imakhala patsogolo mu PATH. Python uja akachotsedwa, kafayiloko kamayamba kulira kuti `bad interpreter: No such file or directory`. Lembani `head -1 ~/.local/bin/pip` muone amene kakumufuna. Ngati kulibenso, kafufuteni.

Pa Windows

Amene amaika Python kuchokera ku python.org amalandira kapulogalamu kotchedwa `py`, kamene kanabwera kuyambira pa 3.3, ndipo ntchito yake ndi yomweyi ya kusankha pakati pa mitundu. `py -0p` amaonetsa ma Python onse ndi malo awo. `py -3.11 pulogalamu.py` amayendetsa 3.11, ndipo `py -3.12 -m pip install requests` amaika mwa 3.12. Ambiri sakadziwa kapulogalamuka, amalimbana ndi PATH pomwe yankho lili kale pa kompyuta pawo. Maganizo anga ndi oti ngati muli ndi mitundu ingapo, musamachonge kabokosi kowonjezera Python ku PATH pa mtundu uliwonse umene mukuika. Chongani pa umodzi, kapena ayi n'komwe, n'kumagwiritsa ntchito `py`.

Ngati mukalemba `python` kukutseguka Microsoft Store, kapena lamulo likungobwerera osanena chilichonse, onani zimene `where python` watulutsa. Mukaona njira yothera mu `Microsoft\WindowsApps\python.exe` pamwamba, dziwani kuti imeneyo ndi fayilo yongolozera ku Store. Mu Settings fufuzani mawu oti App execution aliases, muzimitse `python.exe` ndi `python3.exe`. Kumbukiraninso kuti Windows ili ndi ma PATH awiri, ya kompyuta yonse ndi ya munthu mmodzi, ndipo ya kompyuta yonse ndiyo imayamba. Python wakale amene anaikidwa kuti aliyense agwiritse ntchito amapambana watsopano amene mwamuika pa akaunti yanu yokha, ngakhale mumukweze pamwamba bwanji pa mndandanda wanuwo.

Python wobwera ndi Linux musamukhudze

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa mavuto enawa amangokwiyitsa pomwe ili limatha kugwetsa kompyuta yonse.

Ubuntu 22.04 imabwera ndi Python 3.10, Ubuntu 24.04 ndi 3.12, Debian 12 ndi 3.11. Python ameneyu amakhala pa `/usr/bin/python3`, ndipo mapulogalamu ambiri a sisitimu yenizeniyo amayendera iye. Ine ndinaphunzira izi movutikira. Ndinaika mtundu watsopano, zinkandinyansa kulemba nambala nthawi zonse, ndiye ndinasintha linki ya `/usr/bin/python3` kuti iloze kwa watsopanoyo. Madzulo amenewo zonse zinkaoneka bwino. Nditazimitsa n'kuyatsanso, terminal inakana kutseguka, ndipo ndikafuna kuwonjezera gwero la mapulogalamu ndinkangolandira `No module named 'apt_pkg'`. Cholakwa chinali changa ndekha.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Malaibulale ngati `apt_pkg` analembedwa mu C++ n'kumangidwira mtundu umodzi wa Python, ndipo dzina la fayilo yake limanena zimenezo, mwachitsanzo `cpython-310`. Python 3.12 akaona fayilo yolembedwa 310 amaidutsa ngati kulibe. Ngati zakuchitikirani, dinani Ctrl+Alt+F3 kuti mupeze malo olembera malamulo, mulowe ndi dzina lanu, mubwezeretse linkiyo kwa mwini wake. Pa Ubuntu 22.04 ndi chonchi:

```
sudo ln -sf python3.10 /usr/bin/python3
```

Ngati munasintha kudzera mu `update-alternatives`, lembani `sudo update-alternatives --config python3` musankhenso woyambayo. Malangizo ambiri a pa intaneti amalimbikitsa `update-alternatives` pa `python3`. Ine sindiwavomereza. Chida chimenechi chimagwira bwino pa Java, koma pa Python wa sisitimu chimakufikitsani pa dzenje lomweli. Ndipo lamulo loti `sudo apt remove python3` musaliyese n'komwe. Lisanachotse kanthu limaonetsa mndandanda wa zonse zimene zipitire limodzi, ndipo mukauwerenga mupezamo mbali yaikulu ya desktop yanu.

Njira yabwino ndi kuika watsopano pambali pa wakale, aliyense ndi dzina lake lokhala ndi nambala. Pa Ubuntu anthu ambiri amagwiritsa ntchito gwero la deadsnakes, limene limakupatsani `python3.11` kapena `python3.13` osakhudza `python3`. Ngati mukumanga nokha kuchokera ku code yake, pomaliza lembani `make altinstall` m'malo mwa `make install`. Lachiwirili limaika `python3` mu `/usr/local/bin`, foda imene ili patsogolo pa `/usr/bin` mu PATH, ndiye pulogalamu iliyonse yoyamba ndi `#!/usr/bin/env python3` imayamba kupita kwa mlendoyo mwakachetechete.

Kuyambira pa Debian 12 ndi Ubuntu 23.04, mukayesa `pip install` pa Python wa sisitimu mumalandira `error: externally-managed-environment`. Pip sanawonongeke, akukana dala motsatira lamulo la Python lotchedwa PEP 668, kuti asalembe pamwamba pa malaibulale amene apt, chida choikira mapulogalamu pa Debian ndi Ubuntu, akuwasamalira. Uthengawo umatchula `--break-system-packages` ngati njira yozembera, ndipo dzina lakelo likunena lokha zimene zingachitike. Pa pulojekiti pangani venv, foda yosungamo malaibulale a pulojekitiyo yokha. Pa zida zimene mumaziitana pa terminal, monga `black` kapena `httpie`, gwiritsani ntchito `pipx`, amene amapatsa chida chilichonse malo akeake.

Pa macOS nkhani ndi yofupikirapo. Apple inachotsa Python 2.7 pa macOS 12.3 mu 2022, n'chifukwa chake `python` wopanda nambala amayankha `command not found` pa makina ambiri. Wa pa `/usr/bin/python3` amachokera ku Command Line Tools za Xcode ndipo amakhala wotsalira m'mbuyo. Wa Homebrew, chida choikira mapulogalamu pa macOS, amakhala mu `/opt/homebrew/bin` pa makina a Apple Silicon, ndi mu `/usr/local/bin` pa a Intel. Onani kuti mwa mafodawa yatsogola ndi iti.

venv imene inkayenda dzulo

Pulojekiti iliyonse ikhale ndi venv yake, ndipo mtundu wa Python umasankhidwa pa nthawi yopanga:

```
python3.12 -m venv .venv
source .venv/bin/activate
```

Amene mwamuitana pa mzere woyambawo ndiye adzakhale mkatimo mpaka kalekale. Mukalemba `python3 -m venv` osatchula nambala, mwatenga aliyense amene PATH yakupatsani tsiku limenelo. Tsegulani fayilo ya `.venv/pyvenv.cfg` ndipo muona mzere wa `home` ndi wa `version` ukunena kumene venv inachokera. Pa Debian ndi Ubuntu, uthenga woti `ensurepip is not available` umatanthauza kuti mukusowa phukusi la venv la mtundu womwewo, monga `python3.12-venv`. Kuika `python3-venv` kumathandiza Python wa sisitimu yekha.

`activate` sachita zamatsenga. Amangoika `.venv/bin` kutsogolo kwa PATH ya terminal imeneyo. Ndiye terminal ina yatsopano siidziwa za venv yanu, ndipo mutha kulambalala `activate` yense polemba `.venv/bin/python pulogalamu.py`. Mu PowerShell, `Activate.ps1` akakanidwa ndi uthenga wonena kuti ma script ndi oletsedwa, lembani `Set-ExecutionPolicy -Scope CurrentUser RemoteSigned` kamodzi kokha.

Chimene ambiri sadziwa n'choti venv siikopera Python yense. Pa Linux ndi macOS `.venv/bin/python` ndi linki yolozera kwa Python amene anaipanga. Iyeyo akachoka, venv imatsala ngati nyumba yopanda maziko. Izi zimachitika mukakweza Ubuntu kuchoka pa 22.04 kupita pa 24.04, pamene 3.10 amalowedwa m'malo ndi 3.12, kapena Homebrew akachotsa mtundu wakale pokonza zinthu zake. Zimachitikanso mukasintha dzina la foda ya pulojekiti kapena kuisamutsa, chifukwa `activate` ndi timafayilo ta mu `bin` tinalemba njira yonse ya malo akale. Zizindikiro zake ndi `bad interpreter`, kapena dzina la venv likuoneka pa terminal koma `sys.executable` akuloza kwina.

Musataye nthawi kuikonza. Ifufuteni mupange ina, n'kuikanso malaibulale kuchokera mu `requirements.txt`. Ngati fayilo imeneyo munalibe ndipo pip wa mkatimo sakuyendanso, musanafufute lowani mu `.venv/lib/python3.10/site-packages` muone mafoda othera ndi `.dist-info`. Dzina la foda iliyonse lili ndi dzina la laibulale ndi nambala yake, ndiye mndandanda wanu mutha kuulembanso kuchokera pamenepo.

pyenv akuti 3.12, `python` akuti 3.10

pyenv, chida choika ndi kusankha mitundu ya Python, amagwira ntchito poika foda ya `~/.pyenv/shims` kutsogolo kwa PATH. Mmenemo muli timafayilo totchedwa `python`, `pip` ndi ena, timene tikaitanidwa timafunsa kaye pyenv kuti lero tipite kwa ndani. Choncho ngati `type -a python` sakuonetsa `shims` pamwamba, pyenv sakufunsidwa n'komwe, ndipo mutha kulemba `pyenv global` mpaka zala kupweteka osasintha kanthu. Mzere wa `eval "$(pyenv init -)"` uyenera kukhala mu fayilo imene shell yanu imawerengadi. Pa macOS shell yake ndi zsh kuyambira pa Catalina mu 2019, ndiye zimene mwalemba mu `.bashrc` palibe akuziwerenga, malo ake ndi `.zshrc`. Onaninso kuti pansi pa mzerewo palibe china chimene chikudziika kutsogolo kwa PATH pambuyo pake. Kawirikawiri wolanda malo amakhala conda, chida china choika ma Python ndi malaibulale. Mukaona mawu oti base kumayambiriro kwa mzere wa terminal nthawi iliyonse mukaitsegula, `conda config --set auto_activate_base false` amamukhazika pansi.

Ngati ma shims ali pamalo pake koma mtundu ndi wolakwika, lembani `pyenv version`. Amakuuzani mtundu komanso amene wausankha. Dongosolo lake ndi ili: choyamba `PYENV_VERSION` ngati munalemba `pyenv shell`, kenako fayilo ya `.python-version` mu foda imene muli, ikasowa amakwera foda ndi foda kupita pamwamba, ndipo pomaliza ndi pamene amafika pa `pyenv global`. Msampha uli pa kukwerako. Munthu amalemba `pyenv local 3.10` ali mu foda yaikulu ya akaunti yake osazindikira, ndipo kuyambira tsiku limenelo mapulojekiti onse a pansi pake amatenga 3.10.

Vuto lina la pyenv limabisala nthawi yaitali. Iye amamanga Python pa kompyuta panu pomwepo, ndipo zipangizo zina zikasowa samaima, amangomaliza n'kusiya mbali zina. Patapita masabata mumakumana ndi `No module named '_sqlite3'`, kapena `_ctypes`, `_lzma`, `_bz2`. Pa Debian ndi Ubuntu muyenera kukhala ndi izi musanamange:

```
sudo apt install build-essential libssl-dev zlib1g-dev libbz2-dev libreadline-dev libsqlite3-dev libffi-dev liblzma-dev
```

Kuziika pambuyo sikuchiritsa Python amene anamangidwa kale. Muyenera kulemba `pyenv uninstall` kenako `pyenv install` kachiwiri. Pa seva yakale kumbukirani kuti kuyambira 3.10 Python amafuna OpenSSL 1.1.1 kapena woposa pamenepo, ndiye ssl, mbali ya Python imene imadalira OpenSSL, ikhoza kukanabe ngakhale phukusi la OpenSSL lilipo. Amene safuna zomangamangazi angayese `uv`, chida cha kampani ya Astral chimene chinatuluka mu 2024. Icho chimatsitsa Python womangidwa kale: `uv python install 3.11 3.12`, kenako `uv venv --python 3.12`. Chokhacho ndingachenjeze n'choti musaunjike pyenv, conda, uv ndi Homebrew onse pa ntchito imodzi. Sankhani mmodzi woika ma Python, enawo akhale ndi ntchito zina kapena achoke.

Pa terminal zikuyenda, kwina zikukana

Apa PATH imene inu mumaiona si imene pulogalamu ikuiona. `sudo` pa ma Linux ambiri amataya PATH yanu n'kugwiritsa ntchito yake yolembedwa mu `secure_path`, ndiye `sudo python3` ndi `python3` akhoza kukhala anthu awiri osiyana, ngakhale venv ili yoyatsa. Cron, amene amayendetsa mapulogalamu pa nthawi yoikika, ndiye woumira kwambiri: sawerenga `.bashrc`, ndipo PATH yake nthawi zambiri imangokhala `/usr/bin:/bin`. Ntchito za systemd nazo sizidziwa za pyenv wanu. Konseku yankho ndi limodzi, lembani njira yonse:

```
0 6 * * * /srv/pulojekiti/.venv/bin/python /srv/pulojekiti/lipoti.py
```

VS Code amasankha Python wake payekha. Dinani Ctrl+Shift+P, mufufuze Python: Select Interpreter, muloze ku venv ya pulojekitiyo. Mizere yofiira pansi pa `import` pamene pulogalamu ikuyenda bwinobwino pa terminal imachokera pamenepa.

Jupyter, chida cholembera ndi kuyendetsera code mu notebook, ndiye amasokoneza kwambiri, chifukwa Python woyendetsa Jupyter ndi Python woyendetsa code ya mu notebook akhoza kukhala osiyana. Wachiwiriyu amatchedwa kernel. `jupyter kernelspec list` amaonetsa amene alipo. Kuti venv yanu ioneke pa mndandandawo, muli mkati mwake lembani `python -m pip install ipykernel` kenako `python -m ipykernel install --user --name pulojekiti`. Mu notebook momwemo muziika malaibulale ndi `%pip install`, amene amaika mwa kernel imene ikuyenda. `!pip install` amapita ku shell, ndipo tabwereranso pa nkhani ya PATH ija.

Python ndi woyenera, koma laibulale ikukana kulowa

Tsopano tinene kuti mwatsimikiza kuti akuyenda ndi amene mumamufuna, koma `pip install` akutulutsa mizere yambirimbiri yonena za compiler, kapena pa Windows akuti `Microsoft Visual C++ 14.0 or greater is required`. Malaibulale okhala ndi mbali za C, monga NumPy, amafalitsidwa omangidwa kale pa mtundu uliwonse wa Python, ndipo mafayilo ake amakhala ndi chizindikiro ngati `cp311` kapena `cp312`. Pip akasowa fayilo yogwirizana ndi Python wanu amayesa kumanga yekha, ndipo ndi pamene pamaphulikira. Kuyambira pa 3.9, mtundu watsopano wa Python umatuluka chaka chilichonse mu Okutobala, ndipo olemba malaibulale amafuna nthawi kuti aupeze. Kuthamanga sikufika: pa ntchito yeniyeni ine ndimakhala mtundu umodzi m'mbuyo kwa miyezi ingapo. Zomwezi zimachitika ngati `requirements.txt` yanu inakhomerera nambala yakale ya laibulale imene inatuluka Python wanuyo asanabadwe.

Mauthenga ena amachokera ku zinthu zimene Python mwiniwake anachotsa. `No module named 'distutils'` amatanthauza kuti code yakale ikuyendetsedwa pa 3.12 kapena woposa, pakuti `distutils` anachotsedwa pamenepo. Nthawi zambiri kuika `setuptools` mu venv kumakuolotsani. Pa 3.13 panachokanso `cgi`, `telnetlib` ndi ena angapo akale. Ndipo `SyntaxError: Missing parentheses in call to 'print'` ndi code ya Python 2, amene anasiya kusamaliridwa pa 1 Januwale 2020. Mbali inayo, `Could not find a version that satisfies the requirement` pa laibulale imene mukudziwa kuti ilipo kawirikawiri amasonyeza kuti Python wanu wakalamba ndipo laibulaleyo inasiya kumulandira.

Pali vuto limodzi losowa koma loopsa maonekedwe: Python aliyense amene mwamuitana akufa asanayambe n'komwe, akunena kuti `No module named 'encodings'`. Yang'anani ngati pali `PYTHONHOME` imene pulogalamu ina inasiya. Iyo imakakamiza ma Python onse kufuna mafayilo awo mu foda imodzi, ndipo onse kupatula mwini fodayo amagwa. `PYTHONPATH` yolozera ku `site-packages` ya mtundu wina imachita zofanana koma mobisa, chifukwa imalowa ngakhale mu venv. Lembani `env | grep PYTHON` pa Linux ndi macOS, kapena `set PYTHON` mu Command Prompt. Zimene mwapezazo, ngati simukudziwa chifukwa chimene zilili pamenepo, zichotseni muyesenso.

Node.js ndi Java

Nkhani ndi yomweyi, mayina okha ndiwo asintha. Pa Node.js, `nvm` amasunga mitundu yambiri, `nvm use 20` amasintha terminal imeneyo yokha, ndipo `nvm alias default 20` ndiye amakhazikitsa wa terminal zatsopano. Zida zimene munaika ndi `npm install -g` ndi za mtundu umene unali woyatsa nthawi imeneyo, mukasintha zimaoneka ngati zasowa. Uthenga wotchula `NODE_MODULE_VERSION` ziwiri zosiyana umatanthauza kuti `node_modules` inamangidwa pa Node wina. Lembani `npm rebuild`, kapena fufutani fodayo muikenso. Pakuti `nvm` ndi code ya mu shell imene imayatsidwa kuchokera mu `.bashrc` kapena `.zshrc`, cron samudziwa, ndipo kumeneko mulembe njira yonse ya `node`.

Java amanena vuto lake momveka ngati mukudziwa kuwerenga manambala ake. `UnsupportedClassVersionError` amatchula manambala awiri, mwachitsanzo kuti code inamangidwa pa 61.0 pomwe Java amene akuyenda amafika pa 52.0 basi. Chotsanipo 44 pa nambala iliyonse: 61 ndi Java 17, 52 ndi Java 8, 55 ndi 11, 65 ndi 21. Pa Debian ndi Ubuntu `sudo update-alternatives --config java` amasintha `java`, koma `javac` ali ndi mndandanda wake woti musinthenso padera. Pa macOS `/usr/libexec/java_home -V` amaonetsa onse amene alipo. Kenako pali `JAVA_HOME`. Maven ndi Gradle, zida zomangira mapulojekiti a Java, akaipeza amatsatira iyo osati PATH, ndiye `java -version` akhoza kunena 17 pomwe pulojekiti ikumangidwa ndi 8. Lembani `mvn -version` muone mzere wotchula Java ndi foda yake, muuyerekeze ndi zimene `echo $JAVA_HOME` watulutsa.